Kudziwa dzina la udzu wa m'phiri: yambirani pa ngala, osati pa tsamba

Mukakwera phiri la Mulanje kudzera ku Likhubula, n'kutuluka m'nkhalango kufika pamwamba pa Chambe kapena Lichenya, chimene chimayamba kukulandirani ndi udzu. Udzu wokhawokha mpaka pamene maso alekezera, wina wolekeza m'mawondo, wina m'chiuno. Ambirife timangoti "udzu" n'kumapita, mtima uli pa Sapitwa, nsonga yaitali koposa ya phirili. Koma mutagwada pansi n'kutambasula manja, pakamalo kameneko pakhoza kupezeka mitundu itatu kapena inayi, uliwonse ndi dzina lake.

Ine ndinayamba ndi kulakwitsa. Ndinakwera mu Ogasiti, ndinathothola masamba a udzu wina wofiirira umene unandisangalatsa, ndinawaponya m'jumbo n'kumanga. Pofika kunyumba patatha masiku atatu anali atachita chuku. Ndinawatengabe kwa bambo wina wachikulire amene anagwira ntchito ya zomera zaka zambiri. Anawatembenuza kamodzi, n'kundibwezera. "Achimwene, mwandibweretsera malaya, mwini wake mwamusiya kuphiri. Ngala ili kuti?"

Malangizo onsewa akuchokera pa funso limenelo. Masamba a udzu amafanana kwambiri moti ngakhale akatswiri sawadalira paokha. Dzina la udzu lili pa ngala, ndi pa tinthu ting'onoting'ono timene tili m'ngalamo.

Pitani nthawi imene udzu wamasula

Kuyambira chakumapeto kwa Febuluwale mpaka Meyi ndi pamene udzu wambiri wa m'mapiri mwathu umakhala ndi ngala. Ine ndimakonda Epulo: mvula yayamba kudula, miyala siiterera monga m'Januwale, ndipo njere zakhwima koma sizinayoyoke. Mukachedwa kufika Julayi mupeza chisanu chawauma, mphepo yakuntha njere zonse, mwangotsala mapesi. Ikafika nthawi ya lupsa mupeza ziputu zakuda. Ilipo mitundu ina imene imamasula msanga moto ukangodutsa, mvula isanagwe, ndiye ulendo wachiwiri wa mu Okutobala kapena Novembala siwotaya nthawi.

Musanakwere, kumbukirani kuti phiri la Mulanje ndi nkhalango yotetezedwa ndi boma kuchokera mu 1927. Kuzula chomera kumafuna chilolezo cha a nthambi ya zankhalango. Ku Nyika ndi a nthambi yoona za malo osungirako nyama zakutchire. Kuyang'ana, kuyeza ndi kujambula sikuvuta, ndipo theka la ntchitoyi limathera pomwepo. Tengani munthu wodziwa njira. Nkhungu ya pa Mulanje imatsika mosapempha odi, ndipo munthu amene maso ake ali pansi kufunafuna udzu ndiye woyamba kusochera.

M'chikwama mukhale kagalasi kokulitsa zinthu kakhumi, rula, lezala, singano, kakhasu kapena mpeni wolimba, kope ndi pensulo (bolopeni imakana kulemba pepala likanyowa), nyuzipepala zakale zambiri, makatoni awiri olimba, malegeni omangira, ndi timaenvulopu ting'onoting'ono.

Tsimikizani kaye kuti ndi udzudi

Gwirani phesi pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, mulipukuse. Phesi la udzu ndi lobulungira kapena lophwatalala pang'ono, ndipo lili ndi mfundo, monga za nzimbe kapena nsungwi koma zazing'ono. Masamba ake amamera mbali ziwiri zokha, lina uku lina uko, ndipo m'munsi mwa tsamba lililonse mumakulunga phesi ngati mwana m'nsalu. Mukakoka, mumatseguka popanda kung'ambika. Likakhala phesi la ngodya zitatu, lopanda mfundo, masamba atazungulira mbali zitatu, ameneyo ndi m'bale wake wa dawe ndi gumbwa, wa banja la Cyperaceae. Si udzu, ngakhale ng'ombe sizisiyanitsa.

Ena amati phesi la udzu limakhala ndi mphako nthawi zonse. Ayi. Dulani phesi la chimanga kapena la tsekera muone, m'kati ndi modzaza. Mphakoyo musaidalire.

Pa Mulanje pali msampha umodzi. Pa matanthwe otsetsereka pamamera zitsa zothithikana za masamba opyapyala olendewera, zimene okwera phiri amagwirira akamaterereka. Ukaziona umalumbira kuti ndi udzu: masamba ake ali mbali ziwiri, phesi lake silionetsa ngodya zitatu zija. Chomerachi ndi Coleochloa setifera, cha banja la dawe lomwe lija. Chimaululika pa maluwa ndi njere zake, zimene sizinapangike ngati za udzu. Mukapeza "udzu" utamata pa mwala wopanda dothi, yambani mwaukayikira.

Yambirani pansi

Patulani masamba muone pamene chomera chatulukira m'nthaka. Kodi chapanga chitsa chimodzi chothina, kapena chikuyanga pamwamba ngati kapinga, kapena chikuyenda pansi pa nthaka ngati nansongole? Ngati muli ndi chilolezo, kumbani; musazule ndi manja, chifukwa gawo lofunikalo limatsala m'dothi. Udzu umene umafa chaka chomwecho umazuka mosavuta, mizu yake ndi yochepa, ndipo pafupifupi phesi lililonse lili ndi ngala. Wokhala zaka zambiri uli ndi tsinde lolimba, mphukira zopanda ngala, ndi zotsalira za masamba akale. Pamwamba pa phiri wochuluka ndi wokhalitsawu, ndipo nthawi zambiri mupeza zipsera za moto wa chaka chatha patsinde. Onaninso ngati tsindelo lili ndi ubweya ngati thonje, kapena lasanduka ulusi ngati chingwe chakutha. Lembani. Yezani kutalika kuchokera pansi kufika kunsonga ya ngala.

Kalilime ka pakhosi pa tsamba

Tsamba la udzu lili ndi zigawo ziwiri: chokulunga phesi chija, ndi chotambasuka. Pamene zakumana, kokerani tsamba kumbuyo pang'ono, muyang'ane m'kati ndi kagalasi. Mupeza kanthu kakang'ono kamene mabuku amakatcha ligule. Ine ndimakatcha kalilime. Kwa udzu wina ndi kachikopa kopyapyala ngati khoko la anyezi, kwa wina ndi mzere wa titsitsi ngati nsidze. Kamodzikamodzi kamasowa. Kanthu aka kamagawa mitundu mwachangu kuposa mtundu wa tsamba kapena kutalika kwa chomera, zimene zimasintha ndi dothi, mthunzi ndi madzi. Kayezeni m'mamilimita.

Tsopano ngala

Imani kaye patali pang'ono muone maonekedwe ake onse. Ina imatambasula nthambi ngati ngala ya mpunga kapena ya mapira. Ina ili ngati zala za dzanja, monga ya mawere. Ina ndi ndodo imodzi yothina ngati ya mchewere. Ndiye pali ina yosokoneza, imene timagulu take ta njere tili ndi timasamba tating'ono totifungatira, monga ngala ya tsekera wofolera nyumba. Timasamba timeneti muzitiyang'anitsitsa, chifukwa udzu wambiri wa m'mapiri mwathu umadziwika nato.

Kenako khalani pansi, tambasulani tsamba loyera la kope pa bondo, fulatirani mphepo. Thyolani kagulu kamodzi. Njere iliyonse ya udzu imakhala m'kanyumba ka mankhusu. Kanyumba kameneka ndi kamene akatswiri amati spikelet. Kunja kuli mankhusu awiri opanda kanthu, m'kati mwake muli duwa limodzi kapena angapo, lililonse ndi mankhusu akeake. Ndi singano patulani pang'onopang'ono, mukudzifunsa: tinyumbati tili patokhapatokha kapena tiwiritiwiri? Tikakhala tiwiritiwiri, kodi kamodzi kakhala pansi, kanzake kali pa kamwendo? Muli maluwa angati? Pali ndevu, kaulusi kolimba kotuluka pa nkhusu? Ndevuyo ndi yowongoka kapena yopindika ngati bondo, ndipo yatulukira pansonga, pamsana kapena pakati pa mano awiri a nkhusu? Njere ikayoyoka, mankhusu akunja amatsala kapena amagwa nayo limodzi?

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koyamba mudzaphwanya tinyumba tisanu musanatsegule kamodzi bwinobwino, ndipo kachisanu ndi chimodzi kadzauluka ndi mphepo.

Tiyese ndi udzu wofiirira uja

Chaka chotsatira ndinabwerera mu Epulo, pamalo omwe aja, ndipo ndinaupeza utamasula. Unali chitsa chothina chofika m'ntchafu, masamba ena obiriwira motuwira, akalewo ofiira ngati njerwa. M'munsi mwa masamba munali mophwatalala, kalilime kanali kachikopa kafupi. Ngala yake inali ya timagulu towerama, kalikonse kooneka ngati mchira wa nkhunda wotambasula, kokutidwa ndi timasamba tofiirira, ndipo m'kati mwake mukutuluka ndevu zakuda zazitali.

Nditapatula kagulu kamodzi ndinawerenga. Tinyumba tinayi topanda ndevu, tokhala mozungulira ngati anthu pa mbale ya nsima. Pakati pawo kanyumba kamodzi kolimba, kabulawuni, kosongoka kumunsi kumene kuli tiubweya, ndipo kameneka kokha ndiko kanali ndi ndevu, ya masentimita asanu, yopindika pakati, yopotana chakumunsi. Pambali pake tina tiwiri toima pa timiyendo. Zonse pamodzi zisanu ndi ziwiri, koma chobala njere chimodzi chokha. Kawerengedwe kameneka, zinayi, chimodzi, ziwiri, ndiko siginecha ya Themeda triandra.

Yesaniko ichi mukaupeza wouma. Ikani njere ya ndevuyo pachikhatho, mudonthezere madzi kapena malovu pamene yapotana. Dikirani pang'ono. Ndevu ija iyamba kuzungulira yokha ngati muvi wa wotchi. Ikanyowa imamasuka, ikauma imapotananso, ndipo mame a m'mawa ndi dzuwa la masana zikamasinthana, njereyo imadziboolera m'nthaka yokha. Ndi chifukwa chake imalowa m'masokosi osafuna kutuluka. Mnyamata amene ankatiperekeza anaseka ataona ndikulavulira udzu, koma ndevu itayamba kuyenda anati, "Aaa, bwana, tabwerezani," ndipo tinataya theka la ola pamenepo.

Udzu umenewu si wa kuno kokha. Umamera mbali yaikulu ya Africa, ku Asia mpaka ku Australia. Ku South Africa amautcha rooigras, ndipo alimi a ziweto amaukonda. Umachita bwino pamene moto umadutsa nthawi ndi nthawi, koma umatha ziweto zikaudya mopitirira muyeso.

Anzake amene mungawasokoneze nawo

Wochuluka kwambiri pa dothi losaya, losauka, ndi Loudetia simplex. Patali nawonso ndi wofiirira ndipo uli ndi ndevu zopindika, koma ngala yake ndi ya nthambi zotambasuka, yopanda timasamba tofungatira tija. Kalilime kake ndi mzere wa titsitsi. Kanyumba kalikonse kali ndi maluwa awiri, lam'munsi losabala, lam'mwamba lobala, ndipo ndevu imatulukira pakati pa mano awiri. Tsinde lake kawirikawiri limakhala laubweya.

Exotheca abyssinica ndi wosavuta mukauona kamodzi: phesi lalitali losalala, kunsonga kwake tingala tiwiri tokha tokhala ndi ndevu zazitali zolimba, totalikirana ndi tsamba lomaliza. Kalilime kake ndi kotalika moonekera.

Monocymbium ceresiiforme uli ndi kangala kamodzikamodzi kogona m'katsamba kofiirira kooneka ngati bwato. Dzinalo likunena zomwezo, "bwato limodzi". Pa maina onse a udzu, ili ndi limene linandikhalira m'mutu tsiku lomwelo.

Tsekera ndi abale ake a Hyparrhenia ali ndi timasamba tofungatira, koma m'katsamba kalikonse mumatuluka tingala tiwiri ngati nyanga. Apa ndikuchenjezeni: kufika pa Hyparrhenia n'kosavuta, koma kunena kuti ndi Hyparrhenia uti ndi ntchito imene imatukutsa thukuta ngakhale odziwa. Musachite manyazi kulekera pa dzina loyambalo.

Mitundu yomweyi mukaipezanso pa Nyika, pa Viphya ndi pa Zomba, choncho mukaiphunzira pa phiri limodzi mwayamba kale kuwerenga mapiri enawo.

Kuuika pa mzere wa abale ake

Dzina la sayansi lili ndi mawu awiri, ndipo limagwira ntchito monga mfunda ndi dzina la munthu, kungoti mfunda ndiwo umayamba. Themeda ndi mfunda, triandra ndi dzina la mwini wake. Mawu oyamba amayamba ndi chilembo chachikulu, achiwiri ndi chaching'ono. M'mabuku muona kutsogolo kwake kwalembedwa "Forssk.", chidule cha Peter Forsskål, wophunzira wa katswiri wa zomera Linnaeus. Forsskål ndiye anaufotokoza udzuwu atautola ku Yemen. Iye anamwalira komweko mu 1763, ndipo zolemba zake zinasindikizidwa mu 1775.

Pamwamba pa mfunda pali fuko. Themeda, Exotheca, Monocymbium ndi Hyparrhenia onse ndi a fuko la Andropogoneae, limene chizindikiro chake chachikulu ndi tinyumba tiwiritiwiri tija, kokhala pansi ndi koima pa kamwendo. M'fuko lomweli muli chimanga, mapira, nzimbe ndi nansongole. Udzu wofiira wa pa Lichenya ndi wachibale wa nsima imene mwadya lero kuposa mmene ulili ndi Loudetia womera nawo pamodzi, amene ndi wa fuko lina. Mafuko onsewa ali m'banja limodzi la Poaceae, limene mabuku akale amalitcha Gramineae, la mitundu pafupifupi 12,000 padziko lonse.

Pofufuza, tsikani makwererowa motsatana: banja, fuko, mfunda, kenako dzina. Buku lalikulu la zomera za dera lathu lino ndi Flora Zambesiaca, ndipo udzu uli mu voliyumu 10. M'menemo muli mafunso a mbali ziwiriziwiri: kalilime n'kachikopa kapena n'katsitsi, pali ndevu kapena palibe. Yankho lililonse limakutumizani ku funso lina mpaka mutafika pa dzina. Mukafika musasangalale msanga. Werengani kufotokoza konse kwa mtunduwo, muyerekeze ndi miyeso yanu ndi malo amene umamera. Zinthu ziwiri zikatsutsana, mwakhota polakwika penapake, bwererani.

Maina athu musawataye. Funsani amene akukuperekezani, funsani amayi omweta udzu m'munsi mwa phiri, mulembe dzina ndi chilankhulo chake, kaya ndi Chichewa, Chilomwe, Chiyao kapena Chitumbuka. Iwo amadziwa udzu wofolera umene umakhalitsa, woyenera tsache, ndi umene mbuzi zimaukana, zinthu zimene buku silinena kawirikawiri. Kungoti dzina limodzi lakumudzi likhoza kuphimba mitundu ingapo, ndipo mtundu umodzi ukhoza kusintha dzina mukangowoloka mtsinje.

Kutola ndi kuumitsa

Sankhani chomera chathunthu: mizu, tsinde, masamba, ngala. Chitsa chikakula, ng'ambani chigawo chokhala ndi mizu yake. Kunthani dothi. Pepala limene osunga zomera amamatapo ndi lotalika masentimita pafupifupi 40, ndiye udzu wautali upindeni ngati chilembo V kapena N. Finyani ndi chikhadabo popindapo kuti usathyoke. Ugonekeni m'nyuzipepala, masamba ena ataonetsa pamwamba, ena kunsi. Njere zimene zayoyoka zilowe m'kaenvulopu. Sanjani nyuzipepalazo pakati pa makatoni, mangani zolimba ndi malegeni. Sinthani mapepala tsiku lililonse masiku oyambirira, ndipo mtolowo uzikhala pouma podutsa mphepo. Ubwino wa udzu ndi woti umauma msanga, sabata imodzi imakwana nyengo ikakhala bwino. Jumbo ndi yonyamulira maola ochepa chabe. Za chuku ndanena kale.

Tolani ziwiri kapena zitatu za mtundu umodzi, kuti china mukasiye kwa akatswiri. Koma mukaona kuti pamalopo zilipo zowerengeka, jambulani n'kuzisiya.

Chilichonse chipatseni nambala, ndipo nambala yomweyo ilembedwe pa nyuzipepala, pa envulopu ndi m'kope. M'kopemo lembani tsiku, malo enieni, kukwera kwa malowo m'mamita (foni imakuuzani ngakhale netiweki palibe), mtundu wa dothi, kaya ndi padambo, pamwala kapena m'mphepete mwa nkhalango, ngati panapsa, zomera zoyandikana nazo, ndi mtundu wa ngala isanaume. Lembani pomwepo. Madzulo m'kanyumba kogona, moto ukuthetheka, miyendo ikuphwanya, zitsa zonse zimafanana m'mutu.

Zithunzi zikhale zinayi kapena kuposa: chomera chonse pamalo ake, tsinde, kalilime, ndi kanyumba kamodzi pambali pa rula. Mukagunditsa kagalasi kaja pa diso la kamera ya foni mupeza chithunzi chabwino modabwitsa. Mapulogalamu a pafoni onena dzina la chomera amathandiza pa maluwa owala, koma pa udzu amangolota. Dzina limene akupatsani litengeni ngati mphekesera yofunika kukaitsimikiza.

Kukatsimikiza ku Zomba

Ku Zomba kuli National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1987, kumene amasunga zomera zouma zokhala ndi maina otsimikizika. Kuika chanu pambali pa chawo ndiyo njira yothetsera mkangano. Pitani ndi kope lanu, ndipo nenani dzina limene mukuganizira ndi zifukwa zake. Mudzaphunzira zambiri pokonzedwa kusiyana ndi kungouzidwa.

Ulendowu ndi wofunika kwambiri pa udzu wochokera pamwamba penipeni, kumatanthwe oyandikira Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002. Kumeneko kuli mitundu yosapezeka kwina kulikonse padziko, monga Alloeochaete oreogena, udzu wa zitsa zikuluzikulu wa pa Mulanje pokha. M'bale wake, Alloeochaete namuliensis, anatchulidwa dzina la phiri la Namuli ku Mozambique. Kuyambira pamene Alexander Whyte anatola zomera pa Mulanje mu 1891, amene dzina lake lili pa mkungudza wa Mulanje, Widdringtonia whytei, anthu ambiri akhala akuthamangira mitengo ndi maluwa okongola, udzu n'kumaupondaponda.

Chanu chikakana kulowa m'dzina lililonse, musachikakamize. Lembani mfunda wokha n'kuwonjezera "sp.", kapena ikani "cf." patsogolo pa dzina limene chikufanana nalo, kusonyeza kuti simunatsimikize. Nthawi zambiri vuto limakhala loti munatola ngala yanthete kapena yoyoyoka kale. Onani m'kope tsiku limene munatola, ndipo chaka chamawa mukwere masabata atatu m'mbuyo kapena m'tsogolo mwake, kupita pa chitsa chomwecho.